Kodi Tsamba Lobiriwira Limafiira Bwanji M'kapu?

Pa tchuthi chapitachi ndinakwera minibasi pa Limbe ndi mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa Sitandade 4 amene anabadwira ndi kukulira ku Lilongwe. Tinkapita kumudzi ku Thyolo kukaona agogo ake. Titadutsa pa Bvumbwe, paja amayi amathamangira galimoto ndi mabeseni a tomato ndi kabichi, msewu unayamba kukhotakhota, ndipo zitunda zonse zinangoti biriwiri, zosalala ngati wina wayalapo bulangete. Mwanayo anakanikiza mphuno pagalasi n'kukhala duu. Kenako anandigwira mkono.

"Amalume, kodi kapinga yenseyu amatchetcha ndani?"

Anthu m'minibasi anaseka, koma funsolo linali lanzeru kuposa mmene ankaganizira. Si kapinga ayi, ndi tiyi. Koma poganiza kuti pali anthu amene amapita pamenepo tsiku ndi tsiku kuti paoneke posalala chonchija, mwanayo analondola. Ine ndinakulira m'mbali mwa minda imeneyi, ndipo mayi anga, agogo ake a mwana uja, anathyola tiyi zaka zambiri. Ndiye lero, ana inu, ndikuuzani zimene ndinamufotokozera paulendowo, ndi zina zimene phokoso la minibasi linandilepheretsa kunena.

Mtengo umene saulola kukula

Tiyi ndi mtengo. M'mabuku a sayansi dzina lake ndi Camellia sinensis, ndipo liwu lachiwirilo limatanthauza "wa ku China", kwawo kwenikweni kwa mtengowu. Mukausiya osaukhudza umapitirira denga la nyumba, mpaka kufika mamita 10. Umachita maluwa oyera achikasu pakati, n'kubala njere zobulungira zofiirira. Koma mtengo wautali choncho ndani angamakwere m'mawa uliwonse kukathyola masamba? N'chifukwa chake amaudulira pakapita zaka zingapo, ndipo othyola amauthyolera pa msinkhu umodzimodzi, cha m'chiuno mwa munthu wamkulu. Mitengo yoyandikana imalukana nthambi n'kukhala ngati tebulo limodzi lalikulu. Tebulo limenelo ndi limene mwana uja anayesa kapinga.

Sikuti tsamba lililonse limathyoledwa. Ofunika ndi a kunsonga: masamba awiri anthete ndi kamphukira kamene sikanatambasuke. Kukoma ndi fungo zili mmenemo. Masamba okhwima a m'munsi amawasiya kuti azidyetsa mtengo. Mukathyola nsonga mtengo umaphukiranso, moti nthawi ya dzinja pakangotha sabata imodzi kapena masabata awiri othyola amakhala atabwereranso pamzere womwe uja. Mtengo umodzi umatha kuthyoledwa chonchi zaka zoposa 50, ndipo ku Thyolo ilipo mitengo imene inabzalidwa agogo anu asanabadwe.

Nanga bwanji tiyi sitimuona ku Salima kapena ku Nsanje? Tiyi ndi wosankha malo. Amafuna kokwera, kozizirira, dothi lofiira lakuya ndi mvula yambiri. Thyolo ndi Mulanje zili nazo zonsezi, Nkhata Bay nayonso pang'ono. Kuwonjezera apo kuno kuli chiperoni, kamvula kowaza kobwera ndi nkhungu m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene kwina konse kwauma gwaa. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, mbali imene mitambo yake imatulukira. Ana asukulu sachikonda chifukwa yunifolomu siuma, koma tiyi amapumira chomwecho podikira mvula yeniyeni. Mvulayo ikayamba, kuchokera Disembala mpaka Epulo, ndiye nthawi imene masamba ambiri a chaka chonse amathyoledwa.

M'mawa m'munda

Mayi ankadzuka tambala woyamba atangolira. Ankamanga pepala la pulasitiki m'chiuno pamwamba pa chitenje, chifukwa mame a m'tiyi amanyowetsa munthu ngati wawoloka mtsinje. Dengu kumsana, ulendo.

Tsiku lina Loweruka ndinawaperekera chakudya, ndipo ndinaima m'mbali mwa munda kuwaonerera. Manja onse awiri ankagwira ntchito nthawi imodzi, thyo thyo thyo, maso ali patsogolo kusankha pothyola pena, zala zikungodziwa zokha chochita. Manja akadzaza ankaponya masamba kumbuyo osacheuka, masambawo n'kugwera m'dengu momwemo. Ndinayesa kuwerenga kuti athyola kangati, koma ndinasokonezeka ndisanafike pa 60. Zala zawo zinali zong'aluka, zakuda m'mbali mwa zikhadabo, ndipo ngakhale sopo sankachotsa kudako.

Dzuwa litakwera kapitawo anaitana, onse anandanda pasikelo. Kalaliki ankapachika masamba, kuwerenga, kulemba m'buku. Tsiku limenelo kunali kutagwa mvula, ndipo kalaliki anachotsapo makilogalamu angapo, akuti kumeneko n'kulemera kwa madzi. Mayi sanayankhe kanthu. Koma pobwerera kunyumba sanayimbe, pomwe masiku onse ankabwera akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Tsiku limenelo ndi limene ndinadziwa kuti kilogalamu iliyonse m'dengu lija ndi mchere, sopo ndi makope anga.

Tiyeni tichite masamu pang'ono. Wothyola waluso amapitirira makilogalamu 40 a masamba pa tsiku nthawi ya dzinja. Pamafunika makilogalamu 4 kapena 5 a masamba aawisi kuti patuluke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma, choncho makilogalamu 40 amapereka pafupifupi makilogalamu 9. Kapu imodzi imangofuna magalamu 2. Mukagawa mupeza kuti ntchito ya tsiku limodzi ya mayi mmodzi imakwanira makapu oposa 4,000. Sukulu yanu yonse ikhoza kumwa, kubwereza, n'kutsalako.

Ine ndinkangoperekera chakudya, koma kale ana ambiri ankagwira ntchito m'mindamu. Lero malamulo a dziko lino amaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo ntchito zoopsa, monga kupopera mankhwala, n'zoletsedwa kwa aliyense wosakwana zaka 18. Wina akakukopani kuti musiye sukulu mukagwire ganyu yotere, kauzeni aphunzitsi.

Chinsinsi cha m'fakitale

Masamba akachoka pasikelo sagona. Amawakweza pathirakitala kapena palole n'kuthamangira nawo kufakitale tsiku lomwelo, chifukwa akaunjikana nthawi yaitali amatentha okha n'kuwonongeka. Ichi n'chifukwa chake mafakitale a tiyi ali pakati pa minda, osati m'tauni. Mukadutsa pafupi ndi fakitale ya ku Makwasa, ya Conforzi, ya Naming'omba kapena ya Satemwa nthawi ya dzinja, fungo limakuchingamirani muli patali.

Poyamba masambawo amawayala m'mabokosi ataliatali okhala ndi waya pansi, ndipo mafani akuluakulu amauzira mphepo kuchokera m'munsi kwa maola oposa 12. Tsamba limataya madzi ena n'kufota, ngati nkhwani imene yakhalitsa pamsika. Likafewa moti mukalipinda silithyoka, lakonzeka.

Kenako limalowa m'makina olidula. Ena amatchedwa CTC, zilembo zoimira mawu atatu a Chingerezi otanthauza kuphwanya, kung'amba ndi kupota. Muli zitsulo zobulungira zamano zimene zimazungulira moyang'anizana, china mofulumira china pang'onopang'ono. Anawapanga William McKercher ku Assam m'dziko la India cha m'ma 1930. Kuno kwathu mafakitale ena amagwiritsanso ntchito makina otchedwa LTP, amene amamenya tsamba monga mmene chigayo chimamenyera chimanga. Chotuluka mmenemo n'chonyowa, chobiriwira, chofanana ndi chigwada chosinja.

Apa ndi pamene pagona yankho la funso lathu. Munayamba mwadulapo peyala kapena nthochi n'kuisiya pambale? Mukabwerako mumapeza podulapo pada. Palibe amene wapakapo utoto. M'kati mwa chipatso, ndiponso m'kati mwa tsamba la tiyi, muli tizipinda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. M'tizipindamo muli timadzi tosiyanasiyana timene sitikumana tsamba likakhala lathunthu, ndipo pakati pake pali tinthu timene asayansi amati ma enzyme, timene ntchito yake n'kufulumizitsa kusintha kwa zinthu. Makina aja akang'amba tizipindato, timadzi timasakanikirana n'kukumana ndi okosijeni wa mumpweya. Pamenepo tsamba limayamba kusintha mtundu. Amaliyala pamalo ozizirira, mpweya n'kumadutsamo, ndipo pa ola limodzi kapena awiri lobiriwira lija limasanduka lofiirira ngati waya wa kopa. Kufiira kwa m'kapu mwanu kumabadwa nthawi imeneyi. Kukoma nakonso.

Woyang'anira gawo limeneli sachoka pamalo. Akafulumira tiyi amatuluka wosakhwima, akachedwa amatuluka wozizira kukamwa, wopanda mphamvu. Nthawi ikakwana masamba amalowa m'choumitsira, mmene mumadutsa mpweya wotentha kuposa madzi owira. Kutenthako kumapha ma enzyme, kusintha kuja n'kuima pomwepo, ndipo pakatha mphindi pafupifupi 20 tiyi amatuluka wakuda, wouma, wokhoza kusungika miyezi. Motowo umafuna nkhuni zambiri. Nkhalango za bulugama zimene mumaziona pakati pa minda ya tiyi anazibzalira zimenezi.

Mwina munamvapo za tiyi wobiriwira amene amamwa kwambiri ku China ndi ku Japan. Mtengo wake ndi womwewu. Kusiyana kwake n'kwakuti amayamba kutenthetsa tsamba lisanaphwanyidwe, ma enzyme n'kufa asanagwire ntchito, ndipo tsamba limauma lili lobiriwira. Ku Satemwa amapangako tiyi wotereyu.

Gawo limene ine limandisangalatsa ndi lochotsa timitsitsi ta m'mapesi. Tengani lula ya pulasitiki, muikhule m'tsitsi, muiyandikize pa tizidutswa ta pepala. Timadumphira palula, eti? M'fakitale muli zogudubuza za pulasitiki zimene zimachita chimodzimodzi: tiyi akamadutsa pansi pake, timitsitsi topepuka timadumpha n'kumamatira, tiyi weniweni n'kupitirira. Akatero amamusefa ndi masefa a mabowo osiyanasiyana, n'kumugawa m'magiredi monga BP1, PF1 ndi Dust. Dzina lomalizali limatanthauza fumbi, koma musaganize kuti ndi zosesa pansi. Ndi tiyi wosalala kwambiri amene amafiira msanga m'madzi.

Palinso anthu amene ntchito yawo n'kulawa tiyi. Amandandalika makapu oyera pathebulo, kutunga ndi supuni, kukoka ndi phokoso lakuti fyuu limene inu mukachita pakudya amayi angakudzudzuleni, kenako n'kulavula. Lilime lawo ndi limene limanena ngati tiyi wa tsikulo wapsa bwino. Kuchoka apo tiyi amalowa m'matumba. Wina amagulitsidwa pa okushoni ya ku Limbe, wina mwachindunji kwa ogula akunja. Dziko lathu limatulutsa matani apakati pa 40,000 ndi 50,000 pa chaka, ndipo ambiri amapita kunja, makamaka ku Britain ndi ku South Africa, kudzera pamsewu ndi pamadoko monga Beira ndi Durban. Ogula amamukonda chifukwa amafiira mowala, ndiye amamusakaniza ndi tiyi wa mayiko ena. Mwana wa ku London kapena ku Johannesburg akhoza kumwa tsamba limene linathyoledwa ku Thyolo, koma papaketi osapezapo dzina la Thyolo. Zimenezi zimandipweteka.

Tiyi, chai, chá

Mukawoloka malire pa Muloza n'kulowa ku Milange, ku Mozambique, chakumwa chomwechi amachitcha chá. Ku Tanzania ndi ku Kenya amati chai. Ife timati tiyi. Mayina onsewa ndi a ku China. Kumeneko anthu ambiri amati cha, ndipo Apwitikizi amene ankachita malonda pa doko la Macau anatenga liwu limenelo n'kufika nalo ku Mozambique. Koma anthu a m'chigawo cha Fujian amati te. Amalonda a ku Holland anagula kwa iwowa, liwulo linafika kwa Angerezi, ndipo Angerezi anabwera nalo kuno, ife n'kulikhotetsa kuti likhale bwino pakamwa pathu. Choncho dzina limene mtundu wa anthu umatchulira chakumwachi limaulula njira imene chinadzera. Bungwe la United Nations linasankha 21 Meyi kukhala tsiku lokumbukira tiyi padziko lonse, kuyambira mu 2020.

Malowa ndi a yani?

Mwana uja atatopa ndi za fakitale anafunsa funso lina, ndipo ulendo uno m'minibasi munalibe woseka. "Nanga minda yonseyi ndi ya agogo ndi anzawo?"

Mbewu yoyamba ya tiyi inafika mu 1878 pa mishoni ya Blantyre, itabwera ndi wolima maluwa wa ku Scotland dzina lake Jonathan Duncan. Siinapulumuke. Ina inabwera mu 1886 n'kumera, ndipo mu 1891 Henry Brown anabzala tiyi ku Mulanje. Nthawi imeneyo azungu ankadalira khofi, koma khofiyo atawagwiritsa mwala anatembenukira ku fodya, thonje ndi tiyi. Ku Thyolo, kumene iwo ankalemba kuti Cholo, tiyi anafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Esiteti ya Satemwa anaiyamba Maclean Kay mu 1923, ndipo ya Conforzi ili ndi dzina la banja lochokera ku Italy. Minda yathuyi ili m'gulu la minda ya tiyi yakale kwambiri mu Africa muno.

Koma malowo sanali opanda eni. M'zaka za m'ma 1880 ndi 1890 azungu anatenga malo aakulu zedi kwa mafumu posinthana ndi nsalu, mikanda ndi mfuti, ndipo Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda, anawapatsa zikalata zotsimikiza kuti malowo ndi awo. Anthu anadzuka tsiku lina n'kupezeka kuti akukhala pamalo a mwini. Kuti asathamangitsidwe ankayenera kugwirira ntchito mwini esiteti miyezi ingapo pa chaka. Zimenezi zinkatchedwa thangata. Taonani mmene liwu labwino linaipitsidwira: kuthangata n'kuthandiza mnzako mwa kufuna kwako, monga mmene mumathandizira agogo kusenza nkhuni. Atsamunda analisandutsa dzina la ntchito yokakamiza, moti mpaka lero munthu akagwira ntchito yowawa yopanda phindu amati, "Imeneyi ndi thangata."

Zaka zomwezo Alhomwe ambiri ankawoloka kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Pofika kuno analibe malo, choncho ambiri anakhala m'maesiteti ndipo goli la thangata linawagwera kwambiri. Iwowa pamodzi ndi Amang'anja amene anawapeza ndi amene anagwetsa mitengo, kuzula zitsa ndi kukumba mayenje a tiyi amene timamunyadira leroyu. John Chilembwe, amene nkhope yake ili pa ndalama zathu ndipo timamukumbukira pa 15 Januwale, anaukira mu 1915 ku Chiradzulu, boma loyandikana ndi Thyolo, ndipo nkhanza za m'maesiteti zinali chimodzi mwa zifukwa zake zazikulu. Mu Ogasiti 1953, chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba, ku Thyolo kunabuka chipolowe. Chinayambira pa esiteti ya Mangunda kufupi ndi Luchenza, pa nkhani ya anthu amene anagwidwa ndi malalanje, mphekesera itafala yakuti aphedwa. Anthu anatseka misewu ndi mitengo n'kukana kupita kuntchito, ndipo ena anataya miyoyo. Malalanjewo anali ngati kambaliwali ka moto kogwera paudzu wouma kale. Lamulo lothetsa thangata linabwera mu 1962, kutatsala zaka ziwiri kuti tilandire ufulu wodzilamulira.

Ufulu utabwera, boma linakhazikitsa bungwe la Smallholder Tea Authority mu 1967 kuti Amalawi nawonso azilima tiyi m'minda yawoyawo. Lero alimi ang'onoang'ono alipo zikwi zambiri, ndipo ena ku Thyolo ali m'gulu la Msuwadzi. Amathyola okha n'kukagulitsa masamba kufakitale za maesiteti. Komabe gawo lalikulu la tiyi likuchokerabe m'maesiteti akuluakulu.

Ndiye taganizani. Pa kalembera wa mu 2018 boma la Thyolo linali ndi anthu oposa 720,000, ndipo malo ambiri achonde ali pansi pa tiyi. Mabanja ambiri ali ndi kamunda kosakwana n'komwe bwalo la mpira. Osowa polima anakwera m'mapiri n'kudula nkhalango. Phiri la Thyolo, limene kale linali ndi nkhalango yowirira, lero mbali yaikulu ndi minda ya chimanga. M'nkhalango imeneyo mumakhala kambalame kofiirira kumsana, koyera pakhosi, kamene asayansi anakatcha Thyolo alethe potengera dzina la boma lino. Kamakonda kutsatira linthumbu n'kumadya tizilombo tothawa. Padziko lonse kamangopezeka m'mapiri ochepa a kuno kummwera ndi a ku Mozambique, ndipo kali pangozi yakutha. Chodabwitsa n'chakuti timagawo ta nkhalango timene tatsala, mmene kambalameka kakubisalamo, tina tili m'kati mwa maesiteti a tiyi omwewo. Phiri lopanda mitengo siligwiranso madzi, ndipo amene anaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akudziwa zimene madzi ndi matope zinachita m'maboma a kummwera kuno.

Nkhani ya malo siinazizire. M'zaka za 2016 ndi 2017 Vincent Wandale, mtsogoleri wa gulu la People's Land Organisation, anatchuka m'nyuzipepala ponena kuti malo a maesiteti abwerere kwa anthu, mpaka analengeza kuti Thyolo ndi Mulanje ndi dziko paokha. Boma linakana ndipo iye anamangidwa. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo atsopano a malo, n'kuwakonzanso mu 2022. Boma la Thyolo latulutsa apulezidenti awiri apachibale, Bingu wa Mutharika amene analamula kuyambira 2004 mpaka 2012, ndi mng'ono wake Peter Mutharika amene analamula kuyambira 2014 mpaka 2020 n'kusankhidwanso mu Seputembala 2025. Funso la malo linalipo iwo asanabadwe, ndipo akuluakulu akulikambiranabe.

Eni maesiteti amati iwo amalemba ntchito anthu zikwi makumi angapo, amabweretsa ndalama zakunja zimene dziko limagulira mafuta ndi mankhwala, ndipo ena anamanga zipatala ndi sukulu. Zimenezi n'zoona. Anthu a m'midzi amati makolo awo analandidwa malo, ana awo alibe polima, ndipo malipiro a wothyola sakwanira mwezi. Zimenezinso n'zoona. Ine monga mwana wa mayi wothyola tiyi, mtima wanga uli ndi amene amanyowa ndi mame aja. Sindifuna kuti tiyi azulidwe, chifukwa akazulidwa ndi iwo omwe angayambe kugona ndi njala. Ndimafuna kuti pa makapu 4,000 aja, gawo lobwerera kwa mwini zala likhale lokwanira kudyetsa ndi kuphunzitsa ana ake.

Lumo, makina ndi inu

Masiku ano si onse amene amathyola ndi zala. M'minda ina mumamva kuti tsete tsete: ameneyo ndi wothyola ndi lumo lalikulu lokhala ndi kabokosi kogweramo masamba. Kwina kuli makina a injini amene amameta pamwamba pa tebulo lija n'kuuzira masamba m'thumba, ndipo anthu ochepa amamaliza munda umene ukanafuna gulu. Koma makina alibe maso. Amadula anthete ndi okhwima omwe, pomwe zala za mayi zinkasankha. Chachikulu, makina akabwera anthu ena ntchito imawathera. Ku Kericho m'dziko la Kenya, limene limatsogola pa tiyi mu Africa, anthu okwiya anaotcha makina othyolera tiyi mu 2023 pa chifukwa chimenechi.

Luso lina lili m'nazale. Ku Mimosa, ku Mulanje, kuli malo ofufuzira a Tea Research Foundation of Central Africa. Akatswiri kumeneko amasankha mitengo yobereka kwambiri, yopirira chilala ndi ya tiyi wokoma, n'kuipatsa mayina a zilembo ndi manambala monga SFS 150 ndi PC 108. Poichulukitsa safesa njere. Amadula kanthambi kokhala ndi tsamba limodzi n'kukazika m'chubu, monga mmene timabzalira chinangwa, ndipo kamtengo kamene kamera kamafanana ndendende ndi mayi wake. Munda wonse ukhoza kukhala ana a mtengo umodzi. Ntchito imeneyi ikufunika kwambiri tsopano pamene mvula yayamba kubwera mosadalirika. Maesiteti ena abzalanso mtedza wa makadamiya kuti asadalire mbewu imodzi.

Ku Ndata, m'boma la Thyolo, kuli yunivesite ya Malawi University of Science and Technology, imene inatsegulidwa mu 2014. Ndikaiona ndimaganiza za inu. Makina a m'mafakitale athu ambiri amachokera kunja. Mapaketi okongola amene tiyi wathu amagulitsidwiramo ku Ulaya amadindidwa konko, phindu lalikulu n'kutsalanso konko. Pakati pa inu amene mukuwerenga tsambali pakhoza kutuluka wopanga makina, wolawa tiyi, wofufuza mbewu, loya wa nkhani za malo, kapena mwini kampani imene idzalembe kuti Thyolo ndi zilembo zikuluzikulu papaketi.

Yesani nokha

Finyirani madontho a ndimu m'kapu ya tiyi wopanda mkaka, muone mmene akuyezukira. Asidi wa m'ndimu amasintha mtundu wa tinthu tofiira tija tinabadwa m'fakitale. Koma musamwe tiyi wambiri usiku, chifukwa muli kafeini amene amathamangitsa tulo, ndipo musamwere nsima tiyi wakuda bii, chifukwa amalepheretsa thupi kutenga bwino ayironi wa m'ndiwo amene amathandiza kupanga magazi.

Titafika kumudzi, mwana uja sanadikire n'komwe kuti madzi a moni afike. Kuseri kwa nyumba agogo ake ali ndi mizere ingapo ya tiyi. Anamusonyeza pogwira, masamba awiri ndi kamphukira, ndipo anathyola dzanja limodzi. Tinawayanika pamthunzi usiku wonse. M'mawa anawafikisa m'manja mpaka timadzi tinatuluka, n'kuwaika pambale, kuvundikira ndi kansalu konyowa. Mphindi zisanu zilizonse ankavundukula.

"Agogo, sakusinthatu."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mdzukulu wanga. Tabwera undithandize kusenda mbatatazi."

Atamaliza mbatata anathamangira kumbale kuja, ndipo tinangomva kukuwa. Masamba anali atafiirira, ndipo fungo lake linali lomwe lija timalimva tikamadutsa pafakitale. Agogo anawakazinga pang'onopang'ono paphale mpaka anauma. Anangokwana kapu imodzi yokha, ndipo tinamwa atatu mopatsirana. Pobweza kapuyo mwanayo anagwira dzanja la agogo ake, n'kulitembenuza, n'kuyamba kuyang'anitsitsa zala zija chimodzichimodzi.